Jedediah Smith, Mlenje wa ku Mapiri a Rocky

Chakuzambwe kwa dziko la United States of America kuli mndandanda wa mapiri aatali otchedwa Rocky Mountains. Mapiriwa adatandika kuchokera kumpoto mpaka kumwera, ndipo amagawa madzi a dzikolo pawiri. Mitsinje ina imatsikira kuvuma nikathira m'nyanja ya mchere ya Atlantic, pamene ina imatsikira kuzambwe nikathira m'nyanja ya Pacific. M'zaka za m'ma 1820 anthu a m'mizinda ya kuvuma ankadziwa zochepa kwambiri za dziko la kuseri kwa mapiriwo.

Dzikolo silidali lopanda anthu ayi. M'mapirimo ndi m'zigwa zozungulira mudali mitundu yambiri ya eni dziko, monga Acrow, Ashoshone, Amojave ndi Acomanche. Eni dzikowa adalimo kale lomwe Azungu asanafike, ndipo ankadziwa njira, akasupe ndi mipata yonse ya kwawoko. Koma pa mapu a Azungu padali malo aakulu osalembedwa kanthu. Ojambula mapu ena ankangoganizira, najambula mitsinje imene kulibe. Mmodzi mwa anthu amene adayenda m'dzikomo ndi kulemba zoona zake ndi Jedediah Smith.

Ubwana wake

Jedediah Smith adabadwa pa 6 Januwale 1799 m'mudzi wa Jericho, umene lero umatchedwa Bainbridge, m'chigawo cha New York. Makolo ake sadali olemera, ndipo adali ndi ana ambiri. Pofuna malo abwino, banjali lidasamukira ku Pennsylvania, kenaka ku Ohio. Mnyamatayo adakula akusaka nyama m'nkhalango, koma adaphunziranso kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera.

Banja lawo lidali paubwenzi ndi dokotala wina dzina lake Titus Simons. Anthu amasimba kuti dokotalayu ndiye adapatsa Jedediah buku lofotokoza ulendo wa Meriwether Lewis ndi William Clark. Amuna awiriwa adatsogolera gulu limene lidakwera mtsinje wa Missouri, kudutsa mapiri ndi kukafika ku nyanja ya Pacific pakati pa 1804 ndi 1806. Buku la ulendo wawo lidasindikizidwa mu 1814. M'menemo mnyamatayo adawerenga za mitsinje ikuluikulu, za njati zosawerengeka ndi za mapiri okutidwa ndi chipale. Mtima wake udayamba kulakalaka kukaona zimenezi ndi maso ake.

Ntchito ya zikopa

M'mitsinje ya kumeneko mumakhala nyama yotchedwa beaver. Nyamayi imakhala m'madzi ngati katumbu, koma ili ndi mchira wophwatalala ndi mano akuthwa. Ndi manowo imagwetsa mitengo nitchinga nayo mtsinje kuti pakhale dziwe. Masiku amenewo ubweya wake ankapangira zipewa za mtengo wapatali, zimene anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America ankazikonda kwambiri. Motero zikopa za nyamayi zidali malonda otentha.

Mu 1822 munthu wina wamalonda wa mu mzinda wa St. Louis, William Ashley, adalengeza m'nyuzipepala kuti akufuna anyamata 100 oti akwere mtsinje wa Missouri kukasaka zikopa. Jedediah adalembedwa ntchitoyo ali ndi zaka 23. Idali ntchito yakalavula gaga. Ubweya wa nyamazi umakhala wabwino m'nyengo yozizira, choncho mlenje ankalowa m'madzi ozizira ngati chipale kuti atchere misampha yachitsulo. Akagwira nyama ankaisenda, natambasula chikopa pa kamtengo kopinda kuti chiume. Alenje otere ankatha zaka osaona kwawo, ndipo anthu adawatcha amuna a m'mapiri.

Zoopsa sizidachedwe. Mu Juni 1823 anthu a mtundu wa Arikara adathira nkhondo gulu la Ashley m'mbali mwa Missouri, ndipo alenje opitirira 10 adaphedwa. Jedediah adalimba mtima pa nkhondoyo. Itatha adadzipereka kukapereka uthenga kwa anzawo amene adali kutali, kumtunda kwa mtsinjewo. Poona zimenezi Ashley adamusankha kukhala mtsogoleri wa kagulu ka alenje.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, akudutsa m'tchire lowirira, adakumana maso ndi maso ndi chimbalangondo chachikulu. Chilombocho chidamugwetsa pansi, chidamuthyola nthiti ndi kumuluma mutu, mwakuti khungu la pamutu lidasendeka ndipo khutu limodzi lidatsala pang'ono kuchoka. Pagulupo padalibe sing'anga. Jedediah mwiniwake, ali magazi okhaokha, adauza mnzake James Clyman kuti atenge singano ndi ulusi namusoke. Clyman adasoka mabala onse, nalumikizanso khutulo. Patapita masiku ngati 10 mtsogoleriyo adakweranso kavalo. Kuyambira pamenepo ankasunga tsitsi lalitali kuti libise zipsera.

Mpata wa m'mapiri

Nyengo yachisanu itafika, alenjewo adakakhala pakati pa Acrow m'chigwa cha mtsinje wa Wind. Adali kufuna njira yodutsira mapiri, koma atayesa chakumpoto chipale chidawabweza. Pakuti sankamvana bwino chilankhulo ndi eni dzikowo, adayala chikopa cha njati pansi, nathirapo mchenga, naunjika timilu toimira mapiri. Pa mchengapo Acrow adawalozera njira yozungulira chakumwera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Jedediah adafunsa, ndipo adapeza chimene ankafuna.

Mu Malichi 1824 gululo lidatsata njira ija. Mphepo idali yoopsa kotero kuti masiku ena moto sunkayaka, ndipo chakudya chidasowa. Adakwera pang'onopang'ono m'dziko lotakasuka, lopanda maphompho. Kenaka adaona kuti timitsinje tayamba kulowera kuzambwe. Apa ndi pamene adazindikira kuti adutsa msana wa mapiri a Rocky. Malowa amatchedwa South Pass, ndipo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja ya mchere.

Jedediah sadali woyamba kudutsa pa mpatawu. Eni dziko ankadutsapo kuyambira kalekale, ndiponso Mzungu wina, Robert Stuart, adadutsapo ndi anzake mu 1812, koma nkhani yake sidamveke kwambiri. Gulu la Jedediah litadutsa, mpatawu udadziwika ndipo sudaiwalikenso. Ubwino wake udali wakuti ngakhale ngolo zikadatha kudutsapo.

Kuseri kwa mapiriwo, ku mtsinje wa Green, alenje adapeza nyama zambiri za ubweya. Kuyambira mu 1825 ankachita msika waukulu m'mapiri momwemo kamodzi pa chaka. Amalonda ankabwera ndi mfuti, onga, mipeni, nsalu, khofi ndi shuga, nabwerera ndi zikopa. Mu 1826 Jedediah ndi anzake awiri, David Jackson ndi William Sublette, adagula malonda onse a Ashley.

Ulendo wa ku California

Mu Ogasiti 1826 Jedediah adanyamuka ndi anthu ngati 15 kulowera chakumwera chakuzambwe. Ankafuna mitsinje ina ya zikopa. Ankafunanso mtsinje wotchedwa Buenaventura, umene mapu ena ankaonetsa kuti umachokera kufupi ndi mapiri a Rocky nukathira m'nyanja ya Pacific. M'malo mwa mtsinjewo adapeza dziko louma la miyala yofiira. Akavalo ambiri adafa, ndipo anthu adafika ku mtsinje wa Colorado ali ofooka ndi njala.

Kumeneko adapeza midzi ya Amojave, alimi a chimanga, nyemba ndi maungu. Amojave adawalandira bwino, nawagulitsa chakudya. Alenjewo adapumula komweko masabata awiri. Pochoka adapeza eni dziko awiri amene adawatsogolera podutsa chipululu cha Mojave, kuchoka pa kasupe wina kupita pa wina. Pa 27 Novembala 1826 adafika pa mishoni ya San Gabriel, pafupi ndi Los Angeles. Iwo adali anthu oyamba a ku United States kufika ku California poyenda pamtunda.

Nthawi imeneyo California idali m'manja mwa dziko la Mexico. Ansembe a pa mishoniyo adawasamalira bwino alendowo, koma bwanamkubwa José María Echeandía adawakayikira kuti mwina ndi azondi, pakuti adalowa m'dzikomo opanda chilolezo. Adalamula kuti abwerere njira imene adadzera. Jedediah sadamvere lamulolo kwathunthu. Adakhotera kumpoto, nakasaka m'chigwa cha San Joaquin.

Pobwerera adatsekerezedwa ndi mapiri ena aatali otchedwa Sierra Nevada. Gulu lonse lidalephera kudutsa chifukwa cha chipale. Tsono Jedediah adasiya anthu ake pa msasa, natenga awiri okha, Robert Evans ndi Silas Gobel. Mu Meyi 1827 adadutsa mapiriwo masiku 8. Kutsidya kwake adalowa m'chipululu chachikulu cha mchenga ndi mchere, chimene lero chili m'zigawo za Nevada ndi Utah. Pa ulendo umenewu adalibe wowatsogolera.

Akavalo ankafa mmodzimmodzi, ndipo amuna atatuwo ankadya nyama yawo. Madzi adasoweratu. Tsiku lina dzuwa litawaotcha kwambiri, adakumba maenje mumchenga nadzikwirira kuti matupi azizireko. M'mawa mwake Evans adagona pansi pa kamtengo, osathanso kuyenda. Anzake awiri adapitirira, ndipo atayenda makilomita ngati 5 adapeza kasupe m'tsinde mwa phiri. Jedediah adamwa, natunga madzi m'ketulo, nabwerera yekha m'dzuwa lomwelo kukamwetsa mnzake. Evans adatsitsimuka ndipo adatha kuyendanso. Pa 3 Julayi 1827 atatuwo adafika pa msika wa m'mapiri, ku nyanja ya Bear. Anzawo ankayesa kuti adafa kalekale, choncho adawalandira ndi kuomba mzinga. Mtsinje wa Buenaventura sadauone paliponse, pakuti kulibe.

Masiku a tsoka

Atapumula masiku 10 okha, Jedediah adanyamukanso ndi amuna 18 ndi amayi awiri kukatenga anthu amene adawasiya ku California. Adadzeranso kwa Amojave, koma zinthu zidali zitasintha. Iye atachoka, kudabwera alenje ena amene adamenyana ndi Amojave ndi kupha anthu awo. Tsono pamene gulu la Jedediah linkaoloka mtsinje wa Colorado, Amojave adalithira nkhondo. Amuna 10 adaphedwa ndipo amayi awiri aja adagwidwa. Otsalawo adadutsa chipululu wapansi.

Ku California Jedediah adapeza anthu ake ali moyo, koma akuluakulu a boma la Mexico adamugwiranso. Atamumasula adagula akavalo ndi nyulu zambiri, nalowera kumpoto. Ulendowo udali wovuta, wodutsa m'mapiri ndi m'nkhalango za mitengo italiitali ya m'mbali mwa nyanja. Mu Julayi 1828 adafika ku mtsinje wa Umpqua, m'dziko la Oregon.

Kumeneko nkhwangwa ya alenjewo idabedwa. Pofuna kuti ibwezedwe, iwo adagwira mmodzi mwa atsogoleri a eni dziko, namumanga ndi chingwe pamaso pa anthu ake. Nkhwangwa idabwezedwadi, koma eni dziko adasunga mkwiyo chifukwa cha chipongwecho. M'mawa wa pa 14 Julayi, Jedediah atapita ndi anthu awiri kukaona njira, msasa udathiridwa nkhondo ndipo alenje 15 adaphedwa. Adapulumuka anthu 4 okha. Chifukwa cha nkhwangwa imodzi miyoyo yambiri idatayika.

Opulumukawo adathawira ku Fort Vancouver, linga la kampani ya Angerezi ya Hudson's Bay, m'mbali mwa mtsinje wa Columbia. Mkulu wa palingapo, John McLoughlin, adawalandira mwachifundo ngakhale adali opikisana naye pa malonda. Adatumanso anthu ake kukalanditsa zikopa, akavalo ndi mapepala ena amene adatengedwa.

Ulendo wotsiriza

Makalata amene Jedediah ankalembera abale ake amaonetsa kuti adali munthu woopa Mulungu ndi wokumbukira kwawo. Adakonza zoti ndalama zake zithandize makolo ake ndi dokotala Simons, ndiponso kuti abale ake aang'ono aphunzire sukulu. Mu 1830 iye ndi anzake awiri aja adagulitsa malonda awo, ndipo adabwerera ku St. Louis. Atafika adalembera boma kalata yofotokoza kuti ngolo zingathe kudutsa pa South Pass. Adayambanso kukonza mapu aakulu ndi buku la maulendo ake kuti zisindikizidwe.

Ntchitoyo isanathe, mu Epulo 1831, adanyamuka ndi ngolo za malonda kupita ku Santa Fe, mzinda umene nthawi imeneyo udali m'dziko la Mexico. Pakati pa mitsinje ya Arkansas ndi Cimarron pali chigwa chouma, ndipo chaka chimenecho kudali chilala. Anthu ndi ziweto adakhala masiku angapo opanda madzi. Pa 27 Meyi Jedediah adatsogola pa kavalo kukafuna madzi, monga momwe adachitira kambirimbiri. Sadabwererenso.

Anzake atafika ku Santa Fe adaona mfuti zake zili ndi amalonda a ku Mexico. Amalondawo adafotokoza kuti adazigula kwa Acomanche, amene adakumana naye ali yekha pafupi ndi mtsinje wa Cimarron namupha. Mtembo wake sudapezeke. Adafa ali ndi zaka 32 zokha.

Zimene adasiya

Patangopita zaka zochepa, anthu adayamba kukonda zipewa za silika, ndipo nyama za ubweya zija zidachepa m'mitsinje chifukwa chosakidwa mopitirira muyeso. Msika wotsiriza wa m'mapiri udachitika mu 1840. Koma mpata wa South Pass udasanduka msewu waukulu. Pakati pa 1840 ndi 1869 anthu opitirira 300,000 adadutsa pamenepo ndi ngolo zawo kupita ku Oregon, ku California ndi ku Utah. Kwa osamukawo njirayi idabweretsa minda ndi midzi yatsopano. Kwa eni dziko, amene ena a iwo adalozera njirayo pa mchenga, idabweretsa matenda, nkhondo, kutha kwa njati ndi kulandidwa kwa malo awo.

Buku la Jedediah silidasindikizidwe iye ali moyo, ndipo mapu ake enieni adasowa. Kwa zaka zambiri dzina lake lidatsala pang'ono kuiwalika. Pambuyo pake anthu ofufuza mbiri yakale adayamba kupeza mapepala ake. Mu 1934 Maurice Sullivan adasindikiza gawo lina la zolemba za maulendo ake. Mu 1953 Dale Morgan adatulutsa buku la moyo wake, ndipo chaka chomwecho mu mzinda wa New York mudapezeka mapu akale amene munthu wina adakoperapo zimene zidali pa mapu a Jedediah. Gawo lina la zolemba zake, lofotokoza ulendo woyamba wa ku California, lidasindikizidwa mu 1977. Lero kumpoto kwa California kuli mtsinje wotchedwa Smith ndi nkhalango yotetezedwa yotchedwa dzina lake.

Alenje ambiri adayenda m'mapiri a Rocky, ndipo ena adakhalamo zaka zambiri kuposa iye. Ochuluka a iwo sadalembe kanthu, motero zimene adaona zidapita nawo kumanda. Jedediah Smith ankafunsa eni dziko, nalemba tsiku ndi tsiku za mitsinje, mapiri, akasupe ndi anthu amene adakumana nawo. Chifukwa cha zolembazo, ana a sukulu a masiku ano angathe kutsata mapazi ake pa mapu, monga momwe iye adatsatira mapazi a Lewis ndi Clark m'buku lija ali mnyamata.

Matanthauzo a mawu

kuvuma: kumene dzuwa limatulukira
kuzambwe: kumene dzuwa limalowera
chipale: madzi oundana chifukwa cha kuzizira, amene amagwa ngati ufa woyera m'mayiko ozizira
mpata: malo otsikirapo pakati pa mapiri pamene anthu angathe kudutsa
kasupe: malo amene madzi amatumphuka pansi
chimbalangondo: chilombo chachikulu chaubweya wambiri ndi zikhadabo zazitali
nyulu: chiweto chobadwa kwa bulu ndi kavalo
azondi: anthu otumidwa kukafufuza zinsinsi za dziko lina
onga: ufa wakuda woombera mfuti
mzinga: mfuti yaikulu yokokedwa pa mikombero

Mafunso

1. Kodi Jedediah Smith adabadwira kuti, ndipo adabadwa chaka chanji?
2. Chifukwa chiyani zikopa za beaver zidali malonda otentha?
3. Fotokozani m'mene Acrow adaonetsera alenje njira ya ku South Pass.
4. Kodi Jedediah adachita chiyani pamene Robert Evans adalephera kuyenda m'chipululu?
5. Amojave adalandira bwino alenje mu 1826. Nanga chidasintha mitima yawo nchiyani mu 1827?
6. Kodi nkhondo ya ku mtsinje wa Umpqua ikadapewedwa bwanji?
7. Tchulani zotsatira ziwiri za kudziwika kwa South Pass, china kwa osamuka ndi china kwa eni dziko.
8. Kodi mwambi wakuti safunsa adadya phula ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Zochita

1. Pa mapu a North America pezani mapiri a Rocky, mtsinje wa Missouri, mtsinje wa Colorado ndi nyanja ya Pacific.
2. Funsani munthu wachikulire za njira, mitsinje ndi zitsime zakale za kwanuko. Jambulani mapu osonyeza zimene wakuuzani, ndipo lembani ziganizo zisanu zofotokoza mapuwo.